Kujambula Filimu Kumene Kukulira Mfuti: Mafunso ndi Mayankho

Chiyambire pamene tinamva za imfa ya asilikali athu atatu kum'mawa kwa Congo mu Januwale 2025, achinyamata amene timakumana nawo pa nkhani za kamera kuno ku Zomba sakundipatsa mpata. Wina wa ku Chinamwali akuti achimwene ake ndi msilikali, ndipo akufuna dziko lione zimene amakumana nazo. Mtsikana wina wa ku Chanco akuti watopa kuonera nkhondo za mu Africa kudzera m'maso mwa alendo. Onsewa akufuna kupanga filimu ya zochitika zenizeni, ija timangoti documentary. Ndasonkhanitsa mafunso awo pano, ena monga momwe anandifunsira.

Kodi chovuta kwambiri n'chiyani? Si zipolopolo?

Zipolopolo zilipo, ndipo zapha akatswiri odziwa ntchito kuposa ife tonse. Tim Hetherington anafa ku Misrata m'dziko la Libya pa 20 Epulo 2011. Brent Renaud anawomberedwa ku Irpin, ku Ukraine, pa 13 Malichi 2022. Mu Julayi 2018 amuna atatu a ku Russia amene ankapanga filimu yokhudza gulu la asilikali aganyu la Wagner anaphedwa pamsewu pafupi ndi Sibut ku Central African Republic. Bungwe loteteza atolankhani la CPJ linawerenga atolankhani ndi owathandiza osachepera 124 amene anaphedwa m'chaka cha 2024 chokha, ambiri a iwo ku Gaza.

Komabe chimene chimandisowetsa tulo ine ndi ichi: inu muli ndi pasipoti ndi tikiti yobwerera kwanu, pamene munthu amene mwamujambula amatsala pomwepo. Nkhope yake, mawu ake, mtengo wa mango wa pakhomo pake, zonse mwazinyamula m'chikwama, ndipo tsiku lina adzaziona ngakhale anthu amene akumusaka. Mtolankhani wa nkhani za madzulo amafika, n'kujambula mphindi ziwiri, n'kuchoka. Wa documentary amakhala ndi banja limodzi miyezi, amadya nawo m'mbale imodzi, ana amamuzolowera mpaka kumamutchula kuti amalume. Akazolowerana choncho anthu amamasuka, n'kunena zimene sakanauza mlendo. Filimu yabwino imachokera pa kumasuka kumeneko, ndipo n'kumene kungaphetsenso mwini mawuwo.

Ife Amalawi nkhondo sitinaione. Nkhaniyi ikutikhudza pati?

Amene amanena zimenezi ndimawapempha ayende wapansi kukafika pa chipilala cha King's African Rifles, pafupi ndi ndende yaikulu ya Zomba, akawerenge mayina. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito ya tengatenga, kusenzera asilikali katundu, ndipo ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu Sepitembala 1914. Pa nkhondo yachiwiri anyamata a kuno anakafika mpaka ku Burma. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, kuyambira 1977 mpaka 1992, inathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala. Mu 2013 asilikali a Malawi analowa m'gulu lapadera la United Nations ku Congo limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 pafupi ndi mzinda wa Beni, kum'mawa kwa Congo. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anafa populumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 United Nations inamupatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yolemekeza kulimba mtima kwapadera. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene inayamba mu Okutobala 2017, ili ku Mozambique, dziko limene tikugawana nalo malire. Mumzinda uno wa Cobbe Barracks, ambiri a ife tinakhalapo pa maliro a msilikali.

Kodi lamulo limanditeteza ndikanyamula kamera?

Papepala, inde. Gawo 79 la pangano loyamba lowonjezera la Geneva, la 1977, lokhudza malamulo a nkhondo, limati mtolankhani wogwira ntchito m'dera la nkhondo ndi munthu wamba, sayenera kulunjikidwa mfuti bola asalowerere m'kumenyanako. Khonsolo ya chitetezo ya United Nations inabwereza mfundoyi mu 2006 ndi mu 2015. Bungwe la Red Cross lapadziko lonse lili ndi nambala yapadera yothandizira atolankhani osowa, ovulala kapena omangidwa.

Koma mnyamata wa pa rodibuloko amene sanadye kuyambira dzulo sanawerenge Gawo 79, ndipo nthawi zina ophwanya lamulolo ndi aboma enieniwo. Amade Abubacar, mtolankhani wa wailesi ya m'dera ku Macomia, anamangidwa pa 5 Januwale 2019 akujambula anthu othawa nkhondo ku Cabo Delgado, ndipo anakhala m'ndende miyezi yoposa itatu. Ibraimo Mbaruco, mtolankhani wa ku Palma m'dera lomwelo, anasowa pa 7 Epulo 2020, atangotumizira mnzake uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali. Onsewa anali m'dziko lawo, akuyankhula chiyankhulo chawo.

Mapepala akufunikabe. Chitupa cholowera m'dziko ngati mlendo wokaona malo sichikupatsani ufulu wojambula. Mukagwidwa ndi kamera popanda chilolezo cha atolankhani, mlandu umene amaufulumira ndi wa ukazitape. Wopanga filimu wa ku Sierra Leone, Sorious Samura, ndi anzake atatu anamangidwa pa mlandu umenewu ku Liberia mu 2000.

Ndipite ndi asilikali kapena ndekha?

Mukayenda ndi asilikali mumapeza galimoto, chakudya, dokotala, ndipo mumafika kumene simukanafika. Mtengo wake ndi wakuti mumaona zimene iwo akufuna muone. Amakupatsani ofisala woyenda nanu, amakusainitsani malamulo, nthawi zina amafuna kuonera zimene mwajambula. Palinso china chimene palibe amachilemba papepala: anthu amene akukutetezani usiku mumayamba kuwakonda, ndipo tsiku limene alakwira munthu wamba, dzanja limalemera kukweza kamera. Kwa anthu a m'mudzi, mukatsika m'galimoto ya asilikali ndinu msilikali basi, ngakhale mutalemba PRESS pachifuwa ndi zilembo zazikulu.

Samura, mu Januwale 1999 zigawenga zitalowa mumzinda wa Freetown ku Sierra Leone, analoledwa kuyenda ndi asilikali a ECOMOG, gulu la mayiko a kumadzulo kwa Africa, ndipo anajambula nkhanza za mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo za amene ankamuteteza. Zimenezo zimafuna mtima umene ambiri a ife sitinauyese.

Kwa mng'ono wanga wa ku Chinamwali uja ndinati: ngati ukufuna kujambula achimwene ako ndi anzawo, uyambe kulembera akuluakulu a asilikali, ndipo filimu ikadzatha uwauze oonera poyera kuti unali m'manja mwa asilikali nthawi yonseyo. Filimu yotero ikhoza kukhala yoona, bola isadzinenere kuti ndi nkhani ya anthu a ku Beni.

Kupita nokhanokha, opanda wina wodziwa deralo, musayerekeze.

Fixer ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani mumamutchula kawirikawiri?

Ndi munthu wa komweko amene amakutsegulirani makomo: amadziwa msewu umene watsekedwa lero, mfumu yoyamba kuilonjera, mkulu wa asilikali amene amakwiya msanga. Nthawi zambiri ndiyenso womasulira, mwinanso dalaivala. Filimu zambiri zimene zinalandira mphoto zinapangidwa pamsana pa anthu otere, ndipo mayina awo amaoneka kumapeto anthu atadzuka kale m'mipando.

Nkhani ya Ajmal Naqshbandi, fixer wa ku Afghanistan, aliyense wofuna ntchitoyi aidziwe. Mu 2007 a Taliban anamugwira ku Afghanistan limodzi ndi mtolankhani wa ku Italy, Daniele Mastrogiacomo, ndi dalaivala wawo. Dalaivalayo anaphedwa, mtolankhaniyo anamasulidwa posinthana ndi akaidi, koma Ajmal anatsala ndipo anaphedwa patapita milungu yochepa.

Ambiri a inu mwina ntchito imeneyi ndi imene idzayambe kukupezani, alendo akabwera kudzajambula kuno kapena kutsidya kwa malire. Wa Chilomwe amamva zambiri m'Chimakhuwa, wa Chiyawo sasochera ku Niassa, ndipo Chinyanja chimamveka ku Tete. Mukalembedwa ntchito yotere, funsani poyera musananyamuke: ndikavulala alipira ndani, ndikamangidwa abwera ndani, dzina langa lilembedwa kapena libisidwa? Ndipo inu mukalemba wina, chovala choteteza ku zipolopolo chimene mwavala inu avalenso iye. Akati lero tisapite, nkhani yatha, simukupita.

Anthu amene ndawajambula ndingawateteze bwanji?

Apa ndichedwapo.

Ambiri amaganiza kuti adzaphimba nkhope pa kompyuta akadzabwerera. Koma memori khadi imene ili m'thumba mwanu pa rodibuloko ili ndi nkhope yosaphimba. Mu 2011 wopanga filimu wa ku Britain, Sean McAllister, anagwidwa ku Syria, ndipo achitetezo analanda laputopu ndi zipangizo zake zimene zinali ndi zithunzi ndi mauthenga a anthu otsutsa boma. Ena a iwo anathawa m'dzikomo. Choncho ngati nkhope ya munthu ingamuphetse, musaijambule n'komwe. Jambulani manja ake akusenda chinangwa, msana wake, chithunzithunzi chake pakhoma. Ndipo nkhope si yokhayo imene imaulula munthu. Kumudzi anthu amadziwana ndi chitenje, chipsera, kayendedwe, kakhosomoledwe. Taganizani, pa Songani kapena pa Jali, ndi angati amene sangazindikire mawu a mayi wogulitsa tomato amene amamumva tsiku ndi tsiku? Phiri looneka kumbuyo, chikwangwani cha sukulu, nambala ya galimoto, zonsezi zimaloza khomo. Foni nayo imalemba malo enieni m'kati mwa chithunzi chilichonse ngati simunazimitse GPS.

Mapepala a chilolezo amene timaphunzitsidwa kusainitsa, kunkhondo amasanduka mndandanda wa mayina woti msilikali awerenge. Ndi bwino munthu avomere ndi pakamwa, mawuwo muwasunge padera, ndipo m'kope mwanu mulembe dzina lomupatsa inu.

Chilolezo chenicheni n'chovuta kuposa kungomva "eya". Munthu wanjala, amene akuganiza kuti ndinu a bungwe logawa ufa, avomera chilichonse. Ndinajambulapo agogo ena kufupi ndi nyanja ya Chilwa, amene anathawa nkhondo ya ku Mozambique ali mayi wa ana aang'ono. Titatha, anandigwira dzanja n'kufunsa, "Mwanangu, zimenezi akaonera ndani?" Ndinati anthu a m'tauni. Iwo anati, "Nanga a kwathu kuja?" Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti sindinawafotokozere kuti kanema akalowa pa intaneti amafika pa foni iliyonse, ngakhale ya ana a munthu amene anamutchula dzina kuti anatentha nyumba yawo. Nkhondo inali itatha zaka zambiri, koma iwo anali ndi abale tsidya linalo. Dzinalo ndinalichotsa, ndipo ndinabwerera kukawaonetsa filimuyo ndisanaonetse wina aliyense. Kuyambira pamenepo ndimafunsa katatu: ndisanayatse kamera, ndikazimitsa, ndiponso filimu ikatha.

Pali ena ofunika kusamala koposa. Akaidi a kunkhondo Gawo 13 la pangano lachitatu la Geneva la 1949 limawateteza kuti asaonetsedwe ngati chionetsero, ndipo mkaidi amene mlonda waima pambali pake sangakane kujambulidwa. Mwana amene anagwiritsidwa ntchito ngati msilikali adzakula, adzafuna kukwatira ndi kukhala pamudzi, filimu yanu ili pomwepo. Mayi amene anagwiriridwa musamufunse abwereze nkhani yake kachiwiri chifukwa mawu sanamveke bwino, ndipo ngati angamasuke kwambiri ndi mkazi mnzake, amuna atuluke.

Kodi ndiwalipire?

Umboni sugulidwa. Mukalipira nkhani, mawa mupeza anthu khumi ali ndi nkhani yomweyo, yoopsa kuposa ya dzulo. Koma ifenso tikudziwa kuti pakhomo pa munthu supita chimanjamanja. Shuga, sopo, ndalama ya basi, kapena kubwezera tsiku la ganyu limene wataya pocheza nanu, amenewo ndi ulemu. Muzipereke mosaonetsera, ndipo munene momveka kuti sizikudalira zimene anene. Chimene ndimaletsa ndi lonjezo: musauze munthu kuti filimuyi imubweretsera thandizo kapena imutengera kunja.

Ndinyamule zipangizo zanji?

Zochepa ndi zopepuka, zoti mukhoza kuthamanga nazo. Kamera yaikulu ya paphewa, munthu akaiona patali, imafanana ndi chida. Mazen Dana wa Reuters anawomberedwa ndi asilikali a America kunja kwa ndende ya Abu Ghraib ku Iraq mu Ogasiti 2003, ndipo iwo anati anayesa kamera yake ndi chida choponyera mabomba. Drone ndiye isiyeni kunyumba pokhapokha muli ndi chilolezo cholembedwa cha amene akulamulira deralo, chifukwa masiku ano chilichonse chouluka amachiyesa cha adani. Mathalauza ndi majekete a mawangamawanga a chisilikali amene amapezeka pa kaunjika, amenewo ayi, ngakhale chipewa.

Magetsi ndiye vuto la tsiku lililonse. Ife kuzima kwa magetsi tinakuzolowera, koma kumeneko akhoza kusowa milungu. Mabatire ambiri, kasola kopinda, ndi chingwe chotchajira m'galimoto. M'ndege mabatire a lithium amayenda m'chikwama cha m'manja, ndipo opitirira 100Wh amafuna chilolezo cha kampani ya ndegeyo.

Achinyamata amawononga ndalama zonse pa kamera n'kuiwala maikolofoni. Oonera amapirira chithunzi chogwedera, koma mawu osamveka amawathamangitsa. Komanso zambiri za nkhondo zimamveka osaoneka: phokoso lakutali, agalu, mwana amene mayi ake akumutseka pakamwa. Mahedifoni valani khutu limodzi, linalo lizimva zimene zikuchitika kumbuyo kwanu.

Zimene ndajambula ndingazitulutse bwanji?

Usiku uliwonse koperani pawiri, makope awiriwo asayende m'chikwama chimodzi kapena ndi munthu mmodzi. Hard drive ikhale yokhoma ndi mawu achinsinsi. Makamera ambiri satha kukhoma memori khadi, choncho mukakopera, fufutani khadiyo n'kujambulapo zina zosaopsa. Mstyslav Chernov ndi anzake a Associated Press, atakhala masiku 20 mumzinda wa Mariupol ku Ukraine, wozingidwa mu 2022, ankatha kutumiza tizidutswa tochepa pamalo pamene netiweki inkagwira. Zotsalazo, za maola pafupifupi 30, anazibisa m'galimoto n'kudutsa nazo marodibuloko 15 a asilikali a Russia. Filimu yochokera m'zithunzi zimenezo inalandira Oscar mu 2024.

Foni ya setilaiti imathandiza kumene kulibe netiweki, koma imaululanso pamene muli. Mtolankhani Marie Colvin anaphedwa ku Homs m'dziko la Syria pa 22 Febuluwale 2012, ndipo mu 2019 khoti la ku America linapeza kuti boma la Syria linachita kulondola ndi kuphulitsa dala nyumba imene atolankhani ankagwiriramo ntchito.

Maphunziro a chithandizo choyamba ndi ofunikadi?

Ngati simudziwa kuletsa magazi, simunakonzeke, ngakhale mutakhala ndi digiri. Mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, munthu akhoza kufa m'mphindi zochepa. Hetherington anafa chifukwa chotaya magazi asanafike pachipatala, ndipo mnzake Sebastian Junger anayambitsa bungwe la RISC kuti liziphunzitsa atolankhani oyima paokha kupulumutsana. Lamba womanga mwendo kapena mkono, uja amati tourniquet, akhale pamalo pamene dzanja lililonse lingamufikire, ndipo muyeserere kumumanga mumdima. Maphunziro a masiku angapo otchedwa HEFAT amaphunzitsa zimenezi, komanso za mabomba okwirira, makhalidwe a pa rodibuloko, ndi zochita mukabedwa. Bungwe la Rory Peck Trust limathandiza ojambula oyima paokha kulipira maphunziro otere.

Ngozi sizithera pomwe mfuti zaleka. Mohamed Amin wa ku Kenya, amene zithunzi zake za njala ya ku Ethiopia mu 1984 zinagwedeza dziko, anaduka mkono ku Addis Ababa mu 1991 nkhokwe ya zida itaphulika, ndipo mnzake wojambula mawu, John Mathai, anafera pomwepo. Onjezani malungo, kolera, ngozi za pamsewu, ndi matenda ngati Ebola, imene inapha anthu oposa 2,200 kum'mawa kwa Congo pakati pa 2018 ndi 2020, nkhondo ili m'kati.

Nanga ndalama?

Inshuwalansi wamba ya paulendo siilipira zovulala za kunkhondo. Yapadera ilipo koma ndi yodula, ndipo imalipidwa m'ndalama zakunja zimene kuno n'zosowa. Ikani pamwamba pake galimoto, mafuta a mtengo wa kunkhondo, malipiro a fixer, ndi miyezi yambiri yoedita. Kampani ikakuuzani kuti pitani kaye ndi ndalama zanu, tidzagula mukabwera nazo, ndiye kuti ikufuna zithunzi popanda kusenza udindo wa moyo wanu. Ikaneni.

Kunyumba musiye munthu mmodzi wodekha amene akudziwa njira yanu, nthawi imene muziimba, ndi woyamba kumuimbira mukapanda kuimba. Mumusiyirenso mafunso awiri kapena atatu amene yankho lake mukulidziwa inu nokha, oti adzatsimikizire kuti muli moyo mukadzagwidwa. Ndipo amayi anu muwauze zoona za kumene mukupita.

Munthu wavulala pamaso panga. Ndijambule kapena ndithandize?

Ngati palibe wina womuthandiza, ikani kamera pansi. Pamenepa ine sindiona mtsutso. Ngati madokotala alipo kale ndipo inu mungangowapinga, jambulani, chifukwa umboni nawonso ndi ntchito, ndipo zithunzi zotere zagwiritsidwapo ntchito m'makhoti.

Za mitembo, dzifunseni funso limene tonse timalidziwa kuchokera pa maliro a kwathu: akanakhala bambo anga, ndikanalola aonetsedwe chonchi? Mitembo ya anthu akuda yaonetsedwa pa makanema a dziko lonse m'njira imene eni makanemawo salola kuonetsera anthu a kwawo. Ife tisatengere zimenezo. Nsapato imodzi pamsewu, kapena nkhope ya mlongo wake, imanena zokwanira. Ndipo banja lisamve za imfa ya mwana wawo kudzera pa WhatsApp chifukwa cha inu.

Kodi mkazi angaigwire ntchitoyi?

Angaigwire, achemwali, ndipo alipo amene aigwira bwino koposa. Waad al-Kateab anajambula zaka zisanu ali ku Aleppo m'dziko la Syria, kwinaku akulera mwana wakhanda m'chipatala chimene chinkaphulitsidwa. Mkazi amalowa kukhitchini ndi kuchipinda cha amayi oyembekezera kumene mwamuna salowa, ndipo gawo lalikulu la nkhondo lili kumeneko. Chiopsezo cha nkhanza zogonana chilipo, nthawi zina kuchokera kwa a m'gulu lanu lomwe. Sankhani bwino oyenda nawo, ndipo nkhaniyi muikambirane musananyamuke.

Ndingatsimikize bwanji kuti filimu yanga ikunena zoona?

Kunkhondo aliyense amene wakulolani kujambula ali ndi chifukwa chake. Asilikali, zigawenga, ngakhale mabungwe othandiza, onse ali ndi chimene akufuna dziko limve. Womasulira akhoza kufewetsa mawu kuti ateteze mtundu wake, choncho mukabwerera pezani wina amasulirenso. Lembani tsiku ndi malo a chilichonse chimene mwajambula, chifukwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi midzi yopsa yonse imafanana.

Mayesero aakulu ali patebulo loeditira. Kuika kulira kwa mfuti pamene panalibe mfuti, kutenga utsi wa Lachiwiri n'kuulumikiza ndi misozi ya Loweruka ngati zinachitika limodzi, kupempha msilikali awombe m'mwamba kuti chithunzi chikome: onsewa ndi mabodza, ndipo bodza limodzi likagwidwa, amene anapha anthu amapeza ponamizira kuti filimu yonse ndi yopeka. Masiku ano, pamene kompyuta ikutha kupanga kanema wabodza, zithunzi zoyambirira zosakhudzidwa muzisunge bwino. Mbali imene simunathe kuifikira, nenani m'filimumo kuti simunaifikire.

Ndikabwerako ndidzakhala bwinobwino?

Mwina ayi, ndipo si manyazi. Dokotala wa za maganizo Anthony Feinstein anafufuza atolankhani a kunkhondo 140, ndipo zotsatira zake za mu 2002 zinaonetsa kuti oposa mmodzi mwa anayi aliwonse anadwalapo nthenda ya maganizo yobwera chifukwa cha zoopsa zimene anaona. Zizindikiro zake ndi kusowa tulo, kulota zomwezo, kudzidzimuka chitseko chikamenyeka, kupsa mtima ndi ana, kumwa mowa mopitirira. Woedita amene sanachoke pa Zomba nayenso zimamugwira, chifukwa amaonera imfa imodzi kambirimbiri. Pogwira zithunzi zotere chepetsani mawu, chepetsani zenera pa kompyuta, pumani pafupipafupi, ndipo musazigwire usiku musanagone.

Kuno timaopa dzina loti "ku mental", chonsecho chipatala chachikulu cha matenda a maganizo m'dziko muno chili mumzinda wathu womwe uno. Pitani mukayankhule ndi odziwa. Abusa kapena ashehe akhoza kukuthandizani mbali yawo, koma tulo tikasowa mwezi wathunthu, kaonaneni ndi dokotala.

Ndiye ine wa ku Zomba, wopanda ndalama, ndiyambire pati?

Pomwe muli. M'zaka za m'ma 1970 wofufuza mbiri Melvin Page ndi achinyamata a ku Malawi omuthandiza anayenda m'midzi kufunsa okalamba za nkhondo ya Chiwaya, ndipo zambiri zimene tikudziwa za atengatenga m'mawu awoawo zinapulumuka chifukwa cha ntchito imeneyo. Lero amene anali ndi zaka 18 mu 1945 akuyandikira zaka 100. Amene analondera njanji ya Nacala ndi azigogo. Alipo amayi amasiye a asilikali a ku Congo, alipo obwerako amene sanauzepo munthu zimene anaona, alipo a ku Mozambique amene anakwatira kuno osabwereranso. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994, kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo ena a iwo ndi ojambula amene mungagwire nawo ntchito limodzi. Nyumba yosunga zakale ya National Archives ili konkuno.

Malamulo onse amene ndatchula pamwambapa amagwiranso ntchito pano. Malo a asilikali sajambulidwa popanda chilolezo, ngakhale geti lokha. Msilikali amene akadali pantchito sangayankhule popanda akuluakulu ake kuvomera, ndipo mukamukakamiza mumuchotsetsa ntchito. Ku Dzaleka mumayamba mwapempha ku ofesi ya boma yoona za othawa kwawo, ndipo anthu ambiri kumeneko ali ndi abale kumene anathawako.

Ulendo woyamba kamera isiyeni kunyumba. Kadzereni kwa amfumu, mulonjere, munene dzina lanu ndi kwanu, mufotokoze kuti kanemayo adzafika pa foni za anthu a kutali. Agogo akati bwerani Lachisanu, mupite Lachisanu, ndipo batire likhale lodzaza chifukwa akayamba kufotokoza akhoza kufika nazo madzulo.